Mitengo ya ku Jingu Gaien inayamba kugwa papepala

Pa 28 Okutobala 2024, antchito analowa kuseri kwa mpanda ku Meiji Jingu Gaien, malo a mitengo ndi mabwalo a masewero pakati penipeni pa mzinda wa Tokyo ku Japan, n'kuyamba kucheka mitengo kuti pamangidwe mabwalo atsopano ndi nyumba zosanja. Kunja kunali anthu atanyamula zikwangwani, koma macheka sanaime. Pofika tsikuli n'kuti mkangano utatha zaka pafupifupi zitatu, ndipo unali utasanduka mkangano wa masamu. Poyamba makampani omanga ankati adula mitengo 743. Anthu atakwiya, iwo anabwerera kukawerenganso n'kubwera ndi 619. Otsutsa ankati mukawerengera pamodzi ndi ing'onoing'ono yosafika mamita 3, imene ikupita ndi pafupifupi 3,000. Makampani n'kuyankha kuti anthu asade nkhawa, ntchito ikadzatha mitengo idzakhala yambiri kuposa imene ilipo lero.

Masamu amenewa anandikwana msanga. Aliyense pa gulu lake akunena zoona, malinga ndi mmene wawerengera, ndipo vuto lagona pomwepo: mukangovomera kuti nkhani ndi yoti kodi idulidwe ingati, mwavomera kale kuti idulidwa. Ine ndikuona kuti mitengo imeneyi anaiweruza zaka zoposa 10 macheka asanabwere, m'maofesi momwe anthu ankasintha malamulo a kutalika kwa nyumba ndiponso malire a paki, pa nthawi imene panalibe ndi mmodzi yemwe wotchula mawu oti mtengo.

Malowa ndinawadziwa pamene ndinkakhala ku Tokyo pa nkhani ya sukulu. Chimene chimakokera anthu kumeneko ndi msewu wa mitengo ya ginkgo, wotalika mamita 300, umene umayambira pa msewu waukulu wa Aoyama n'kulunjika ku nyumba yamwala yosungiramo zithunzi za moyo wa mfumu Meiji. Ginkgo kwathu kulibe. Tsamba lake ndi laling'ono, lotambasuka kumapeto, ndipo kukayamba kuzizira chakumapeto kwa Novembala limasanduka lachikasu chowala mpaka msewu wonse kuchita kuthobwa m'maso. Mitengoyo ilipo 146. Yambiri ili m'mizere inayi, iwiri mbali iyi iwiri mbali inayo, ndipo 18 inapatukira m'kanjira kopita ku bwalo la rugby. Amaisadza nsonga kuti ikhale yosongoka ngati mkondo. Amene anaidzala anachita dala kuika yaitali koyambirira n'kumatsitsa pang'onopang'ono, kuti munthu akaima ku Aoyama nyumba ya zithunzi ija izioneka ngati ili kutali kuposa mmene ilili.

Chimene zithunzi za pa Instagram sizingakuuzeni ndi fungo. Mitengo yaikazi imagwetsa tizipatso tofewa, ndipo tikaphwanyika timanunkha masanzi enieni. Ukaponda kamodzi, nsapato imakuperekeza mpaka m'sitima. Tsiku lina m'mawa ndinaona agogo ena atawerama pansi pa mtengo, atavala magolovesi apulasitiki, akutola tizipatsoto ndi kapani n'kumaponya m'jumbo. M'kati mwake muli njere imene amaikazinga n'kudya ndi mchere. Pambali pawo pankadutsa anyamata a yunifolomu ya baseball atakoleka zikwama, amayi okankha ana m'tingolo, ndi bambo wina wothamanga thukuta lili kamukamu. Palibe amene analipira polowa.

Njere za mitengo imeneyi anazitola mu 1908 m'munda wa Shinjuku Gyoen, n'kuzifesa ku nazale. Mu 1923 ndi pamene anadzala mitengoyo pamene ili lero, chaka chomwecho chimene chivomezi chachikulu chinagumula Tokyo ndipo anthu osowa pokhala anamangiridwa zisakasa mu Gaien momwemo. Ndiye kuti mitengoyi yadutsa zaka 110. Inapulumuka mabomba a 1945 amene anatentha kachisi wa Meiji yemwe.

Ndinkaganiza, monga amaganizira alendo ambiri ngakhalenso eni mzinda ena, kuti Gaien ndi paki ya boma. Ayi ndithu, ndipo nkhani yonse yapota pamenepa. Mfumu Meiji itamwalira mu 1912, anaganiza zoimangira chikumbutso cha mbali ziwiri. Mbali yamkati ndi kachisi wa chipembedzo cha Shinto wozunguliridwa ndi nkhalango ya mahekitala 70, imene inatsegulidwa mu 1920 ndi ndalama za boma. Nkhalango imeneyo, imene mlendo angalumbire kuti ndi yachilengedwe, ndi yodzala ndi manja: mitengo pafupifupi 100,000 inachokera m'madera onse a dziko ngati mphatso, ndipo achinyamata ankabwera mosinthana kudzagwira ntchito yongodzipereka. Akatswiri a zankhalango, motsogozedwa ndi Seiroku Honda, anakonza zoti mitengo yoyamba idzalowedwe m'malo ndi ina yokha pakadzatha zaka 100 kapena 150. Nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, Shigenobu Okuma, inkafuna mikungudza yowongoka yooneka mwaulemu, koma iwo anaikanira kuti utsi wa mumzinda udzaipha. Anthu amenewo ankakonza chinthu chimene ankadziwa kuti sadzachiona chitakhwima.

Mbali yakunja, imene ndi Gaien, inamalizidwa mu 1926 pamalo pamene kale asilikali ankachitirapo perete. Iyi sinamangidwe ndi ndalama za boma. Inamangidwa ndi zopereka za anthu, ndipo mmodzi mwa otsogolera ntchito yosonkhetsa anali Eiichi Shibusawa, amene nkhope yake ili pa ndalama yapepala ya 10,000 yen imene inatuluka mu 2024. Nkhondo yachiwiri itatha, Amereka analamula kuti Shinto asiyane ndi boma. Kachisi wa Meiji anasanduka bungwe lachipembedzo loima palokha, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 gawo lalikulu la Gaien linakhala m'manja mwake. Kuyambira pamenepo kachisiyu amadzipezera yekha ndalama. Akuluakulu ake amanena poyera kuti ndalama zosamalira nkhalango yamkati ija zimachokera kwambiri ku Gaien, makamaka ku bwalo la baseball.

Choncho malo amene anthu wamba anasonkhera, amene pa mapu a mzinda analembedwa kuti ndi paki, pamalamulo ndi a mwini, ndipo mwiniyo ali ndi mabilu oti alipire.

Tsopano pulani yake. Ku Gaien kuli mabwalo awiri akale. La baseball, Jingu Stadium, ndi la 1926. Babe Ruth ndi Lou Gehrig anaseweramo mu 1934, ndipo lero ndi kwawo kwa timu ya Yakult Swallows komanso ligi ya mayunivesite 6 a ku Tokyo. La rugby, Chichibunomiya, ndi la 1947, ndipo lili pa malo a bungwe la boma la Japan Sport Council. Mabungwe anayi, kachisi wa Meiji, Japan Sport Council, kampani ya zomangamanga ya Mitsui Fudosan ndi kampani ya zamalonda ya Itochu, anagwirizana zogwetsa mabwalo onse awiri n'kuwamanganso mosinthanitsa malo. Bwalo latsopano la rugby likumangidwa pamene panali bwalo laling'ono la baseball, limene anayamba kuligwetsa mu Malichi 2023. Likatha, agwetsa Chichibunomiya n'kumangapo la baseball. Nalonso likatha, agwetsa Jingu Stadium. Pa pulani imene inavomerezedwa mu 2023, ankati zonse zidzatha mu 2036, pa mtengo wa 349 biliyoni yen.

N'chifukwa chiyani akusinthanitsa m'malo momanga lililonse pamalo pake? Kuti masewero asaime. Bwalo la baseball likangotsekedwa kwa zaka zitatu kapena zinayi, ndalama za pachipata zaima, ndipo timu ndi ophunzira asowa kolowera. Kuganiza kumeneku n'komveka kwa wosunga chuma. Koma mitengo ya m'paki imakhala m'mipata ya pakati pa nyumba, ndipo mukasuntha nyumba zonse, mipata yonse imasunthanso. Kankhalango kamene kanali pambali pa bwalo laling'ono lija, kotchedwa Kenkoku Kinen Bunko, kanapezeka kuti kali mkati mwa mzere wa bwalo latsopano la rugby. Mitengo 18 ya ginkgo ya m'kanjira kaja inapezeka kuti yaima pamene pakufunika bwalo la baseball. Ndipo khoma la bwalolo, pa pulani yoyamba, linali loti lidzaime mamita 8 okha kuchokera pa mzere wakumadzulo wa msewu wa ginkgo.

Nanga 349 biliyoni ichokera kuti? Boma la Tokyo limanyadira kuti ntchitoyi ndi ya makampani, si ya misonkho. Ndalama zichokera m'mwamba. Pamalopo pamangidwa nyumba zosanja za maofesi ndi mashopu, ina ya mamita 190, ina 185, ina 80, ndipo pa bwalo la baseball padzakhala hotela. Phindu la nyumba zimenezi ndi limene lilipire mabwalo. Ndiye funso limene linayenera kufunsidwa poyambirira ndi ili: zinatheka bwanji kuti nyumba ya mamita 185 iloledwe pamalo amene kwa zaka zambiri sankalola nyumba yopitirira mamita 15?

Mu 1926, dera lozungulira kachisi wa Meiji ndi Gaien linakhala loyamba mu Japan kulembedwa kuti ndi dera lotetezedwa chifukwa cha kukongola kwake, ndipo malamulo a mzinda amene anatsatira anaika malire a mamita 15 aja. Amenewa ndi amene anateteza mitengo, ngakhale sankanena za mitengo. Pamalo pamene simungamange nyumba yaitali, palibe kampani imene ingataye nthawi. Chipata chinatseguka ndi Olimpiki. Mu 2013, chaka chimene Tokyo anapatsidwa mwayi wochititsa masewero a 2020, boma la mzinda linakweza malire kufika mamita 75 pamalo a National Stadium, bwalo la masewero la dziko, kumpoto chakumadzulo kwa Gaien, kuti bwalo lalikulu limene anajambula Zaha Hadid likwanepo. Pulani ya Hadid inatayidwa mu 2015 chifukwa chodula, ndipo bwalo limene linamangidwa, la Kengo Kuma, silinafike n'komwe mamita 50. Koma malire akale sanabwererenso. Pomanga bwalo limenelo panagwa mitengo yoposa 1,000, ndipo nyumba za boma za Kasumigaoka zinagwetsedwa, anthu ake, ambiri okalamba, n'kusamutsidwa. Ena mwa iwo anali atasamutsidwapo kale pokonzekera Olimpiki ya 1964. Chisangalalo cha masewero chinaphimba zonsezo.

Chaka chomwecho cha 2013, Tokyo anakhazikitsa ndondomeko ina yooneka yosalakwa: malo amene analembedwa kalekale kuti adzakhala paki koma sanatsegulidwe ngati paki angathe kuchotsedwa pa mndandanda, kampani n'kumangapo, bola ikonze kamalo kobiriwira pambali. Bwalo la Chichibunomiya, poti lili ndi mpanda ndipo amatsegula pa tsiku la masewero, analiwerenga kuti ndi malo osatsegulidwa. Motero mahekitala 3.4 anachoka m'paki ndi cholembera. Bwalo limene anthu akhala akuonereramo rugby kuyambira 1947! Zikalata zimene zinatulukira pambuyo pake zikusonyezanso kuti mu 2012 wachiwiri kwa bwanamkubwa wa Tokyo anali atafotokozera kale Yoshiro Mori, nduna yaikulu yakale yemwenso anali mkulu wa bungwe la rugby, maganizo osinthanitsa mabwalo aja. Mu 2015 boma la mzinda ndi eni malo anasainirana mgwirizano. Zonsezi zinkachitika motsatira malamulo, zina zinkalengezedwa ndithu, koma m'chinenero cha akatswiri a mapulani chimene munthu wamba akachiwerenga amayamba kuwodzera.

Anthu anadzidzimuka kumayambiriro kwa 2022, komiti ya mapulani a mzinda ili pafupi kuvomereza. Amene anawadzutsa ndi Mikiko Ishikawa, pulofesa wa zokonza mapaki, amene anatenga mapu a makampani, n'kuyenda nawo pamalopo akuyang'ana mtengo umodziumodzi, n'kulengeza kuti pafupifupi 1,000 ili pangozi. Rochelle Kopp, mayi wa ku Amereka wokhala ku Japan, anayambitsa chikalata chotsutsa pa intaneti ndipo anthu oposa 200,000 anasainira. Komabe mu Febuluwale 2023 bwanamkubwa Yuriko Koike anavomereza ntchitoyo. Mwezi womwewo woimba Ryuichi Sakamoto, khansa itamufooketsa, analembera Koike kalata yomupempha kuti mitengo imene makolo anaisamalira kwa zaka 100 isaperekedwe nsembe chifukwa cha phindu la lero. Anamwalira pa 28 Malichi, ndipo imfa yake inapangitsa kuti kalatayo imveke dziko lonse. Wolemba mabuku Haruki Murakami nayenso anatsutsa pa wailesi. Mu Seputembala bungwe la ICOMOS, limene limalangiza UNESCO pa za malo a mbiri, linatulutsa chenjezo lopempha kuti ntchitoyo iimitsidwe. Patangopita masiku ochepa, boma la Tokyo linauza makampani kuti asadule kaye mpaka atabweretsa njira zotetezera mitengo.

Phokoso lonselo linabala chaka chimodzi cha mpumulo, mitengo 124 yochotsedwa pa mndandanda wodulidwa, ndi khoma la bwalo losunthidwa kuchoka pa mamita 8 kufika pa 18.3. Sindikuzipeputsa. Mamita 10 owonjezerawo mwina ndi amene adzapulumutse mzere wakumadzulo. Koma onani kuti ina mwa mitengo 124 ija inachoka pa mndandanda chifukwa inali itauma kale, ndipo ina akuti aizula n'kukaidzala pena. Nyumba zosanja zija sizinafupike ngakhale mita imodzi. Kusinthanitsa mabwalo kuli pomwepo. Makhoti anakana kuimitsa ntchito. Otsutsa anapambana pa zimene makampani akanatha kupereka osataya kanthu, chifukwa zikuluzikulu zinali zitatsekeredwa kale m'malamulo.

Tibwere ku lonjezo loti mitengo idzachuluka. Makampani amati ntchito isanayambe pamalopo panali mitengo 1,904 yopitirira mamita 3, ndipo ntchito ikadzatha idzaposa 2,300. Papepala, kamtengo kamene kangochoka ku nazale ndi mtengo umodzi, ndipo chimtengo cha zaka 100 chimene anthu awiri sangachikumbatire ndi mtengo umodzinso. Koma chimene munthu woyenda pansi amafuna ku mtengo ndi mthunzi, ndipo mthunzi umadalira kukula kwa nthambi ndi kuchuluka kwa masamba. Mtengo waukulu umatchinga dzuwa kuti lisawotche phula, komanso umatulutsa madzi ambiri kudzera m'masamba n'kuziziritsa mpweya wozungulira. Ku Tokyo imeneyi si nkhani yokongoletsa. Kutentha kwa Julayi ndi Ogasiti kumagwetsa anthu, ambulansi zili pikitipikiti, ndipo mpikisano wothamanga mtunda wautali wa Olimpiki ya 2020 ija anachita kuusamutsira ku Sapporo poopa kutentha. Mbande ya lero idzapereka mthunzi wofanana ndi umene wachotsedwawo ana a lero atakalamba, ngati ingapulumuke, komanso ngati ingapeze dothi lakuya. Yambiri idzadzalidwa m'mphepete mwa nyumba zokhala ndi zipinda zapansi, pamene mizu ilibe kolowera.

Mawu akuti "tidzadzala ina" a ku Lilongwe akuwadziwa. Anawamva mu 2021 pamene mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta inagwetsedwa pokulitsa msewu, ndipo nakonso anthu analira pa Facebook zitsa zili kale mbwee, mapulani atavomerezedwa kalekale.

Za kuzula n'kukadzala pena, ndinaonapo mmene zimakhalira pamalo ena omanga mumzindamo. Ajapani ntchito imeneyi amaidziwa kuposa anthu ambiri. Amayamba chaka chimodzi kapena kuposa tsiku losamutsa lisanafike: amakumba ngalande mozungulira tsinde, kudula mizu ikuluikulu, n'kukwiriranso kuti timizu tatsopano timere pafupi. Kenako amamanga dothi ndi mizu m'chiguduli ndi zingwe, n'kunyamula ndi kireni. Koma mtengo umene wataya mizu yambiri sungadyetse nthambi zonse, choncho nthambi nazo amazidula. Umene ndinauona unali utaima pamalo pake patsopano, thunthu lonse litakulungidwa nsalu yofiirira, mitengo itatu yochirikiza itaugwira, pamwamba pali tizitsa ta nthambi tokhala ndi timasamba towerengeka. M'kaundula unalembedwa kuti wapulumutsidwa. Pansi pake panalibe mthunzi woti n'kukhalapo ngakhale mwana.

Ngakhale mitengo imene siikhudzidwa n'komwe ndi macheka ili ndi nkhawa yake. Mizu imene imamwa madzi siipita pansi kwambiri. Imayanza m'dothi lapamwamba ndipo imafika kutali kupitirira pamene nthambi zathera. Mukakumba maziko a bwalo pafupi, mumadula mizu imeneyi, kusintha kayendedwe ka madzi apansi, ndipo magalimoto olemera amatsendereza dothi mpaka mpweya kusowa polowera. Mtengo wovulala motero suuma chaka chomwecho. Umayamba kuyoyola masamba msanga, nsonga n'kuuma, ndipo umadzafa patapita zaka zambiri, omanga atapakira kalekale, aliyense akunena kuti ndi ukalamba. Ishikawa ndi anzake akhala akusonyeza kuti ina mwa mitengo ya mzere wakumadzulo yayamba kale kufooka, masamba ake akupserera nthawi yachikasu isanakwane. Mtengo wodwala kale ndi umene akufuna kuukumbira pambali.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuti zonsezi zikuchitika m'dzina la masewero, pamene amene akutaya malo ndi anthu osewera. Kutsogolo kwa nyumba ya zithunzi ija kuli mabwalo a fumbi pamene matimu a anthu wamba, a kuntchito, a m'dera, amabwereka kuti asewere baseball ya mpira wofewa, ena m'bandakucha asanapite ku ofesi. Amenewa akuchotsedwa; pakati padzakhala kapinga, ndipo m'mbali mwake asamutsirako makhothi a tenisi a kalabu ya mamembala olipira. Malo ophunzirira kumenya mpira wa baseball, amene mwana aliyense ankatha kulowa ndi tindalama tochepa, nawonso ali pa mndandanda wochoka. Bwalo latsopano la rugby lidzakhala lofoleredwa, la udzu wapulasitiki, ndipo pa rugby lidzalowa anthu pafupifupi 15,000 pamene lakale limalowa pafupifupi 25,000. Denga ndi udzu wapulasitiki n'zothandiza pochititsa makonsati chaka chonse. Tsuyoshi Hirao, amene anaseweerapo timu ya dziko la Japan, anayambitsa chikalata chake chotsutsa. Ndipo pali chifukwa chimene osewera akale amalikondera bwalo limenelo: mu 1947, mzinda uli phulusa, anthu a rugby anagulitsa mawotchi, makamera ndi katundu wa m'nyumba kuti apeze ndalama zoyambira kulimanga.

Makampani amati mabwalowo akalamba, makonde ndi opanikiza, a njinga za olumala amavutika. Zimenezi n'zoona, aliyense amene anakhalapo pa mipando ya ku Jingu Stadium mawondo atagunda msana wa mnzake angavomereze. Koma kukalamba sikutanthauza kugwetsa. Bwalo la Koshien, pafupi ndi Kobe, ndi la 1924, lalikulu msinkhu kuposa Jingu, ndipo analikonzanso pakati pa 2007 ndi 2010, akumagwira ntchito miyezi imene ligi yapuma. Fenway Park ku Boston ndi la 1912, Wrigley Field ku Chicago la 1914, ndipo onse akugwirabe ntchito atakonzedwa. A ku Jingu amayankha kuti bwalo lawo silipuma mokwanira chifukwa limagwiritsidwa ntchito ndi akatswiri, mayunivesite ndi masekondale. Mwina. Koma anthu sanaonetsedwepo mapulani awiri pambali ndi pambali, ina yokonzanso ina yogwetsa, iliyonse ndi ndalama zofunika komanso mitengo imene ingagwe, kuti asankhe. Anaonetsedwa imodzi, itapsa kale. Ngakhale gulu la akatswiri a United Nations loona za makampani ndi ufulu wa anthu linadandaula mu lipoti lake la 2024 kuti anthu sanafunsidwe mokwanira.

Pali mbali imene otsutsa ambiri amaidumpha, ndipo ine sindikufuna kuidumpha. Kachisi wa Meiji sananame kuti akufuna ndalama. Nkhalango ya mahekitala 70 pakati pa mzinda wodula chonchi siisamalidwa ndi mapemphero. Kwa zaka 70 anthu a ku Tokyo akhala akupuma m'paki imene sanailipirire msonkho, ndipo boma la mzinda linkasangalala kuti pa mapu pali pobiriwira popanda kutulutsa kanthu m'thumba. Tsiku limene mwini malo wanena kuti bwalo lake likufunika mabiliyoni, boma linali ndi njira ziwiri: kuika ndalama za anthu kuti malowo akhalebe otseguka ndi afupi, kapena kugulitsa mlengalenga. Linasankha yachiwiri n'kumadzitama kuti silinawononge ndalama. Malamulo a dziko la Japan amaletsa boma kupereka ndalama ku bungwe lachipembedzo, n'zoona, koma mzinda umene unapeza nzeru yochotsera mahekitala 3.4 m'paki sukanalephera kupeza nzeru yogula kapena kubwereka malowo ukanafuna. Ndipo sindinamve ambiri mwa osainira chikalata akunena kuti ali okonzeka kusonkha ngati mmene anasonkhera agogo awo.

Pa chisankho cha bwanamkubwa cha Julayi 2024, Renho, mmodzi mwa opikisana, analonjeza kuti anthu a mumzinda adzavota pa nkhani ya Gaien. Anathera pa nambala 3. Koike, amene amati iyi ndi ntchito ya makampani ndipo boma langoonetsetsa kuti malamulo atsatidwa, anapambana kachitatu. Mu mzinda wa anthu 14 miliyoni, masaini 200,000 sanali okwanira kuopseza munthu wandale, ndipo ambiri anavota poganizira mitengo ya zinthu m'sitolo ndi ndalama zolerera ana.

Nkhani sinathe, chifukwa ntchito yeniyeni yoopsa kwa msewu wa ginkgo siinayambe. Idzayamba bwalo la rugby latsopano likatha, Chichibunomiya atagwetsedwa, pamene adzakumbe maziko a bwalo la baseball ndi hotela yake. Apo m'pamene tsogolo la mitengo 18 ya m'kanjira kaja lidzadziwike. Makampani ananena kuti afufuza ngati ingazulidwe n'kudzalidwa pena. Ndi mitengo yofesedwa mu 1908 limodzi ndi inzake ya mumsewu waukulu, koma lonjezo loti "mizere inayi idzatetezedwa", limene akuluakulu amalibwereza pa msonkhano uliwonse, analisankhira mawu mosamala kuti 18 imeneyi isakhalemo.